Kumanga galimoto ya kumtima kwanu pakhomo: chitsanzo cha Nissan 1400 ndi kasankhidwe ka zipangizo

Munthu amene akufuna kumanga galimoto ya kumtima kwake pakhomo, ndiye kuti kutenga galimoto yakale, kuiphwasula, kuikonza ndi kuisintha mpaka ifanane ndi imene ili m'maganizo mwake, ayenera kuyamba ndi kope ndi cholembera asanagwire sipanala. Pa tsamba loyamba alembe ntchito imene galimotoyo idzagwire ikadzatha: kodi idzakhala yopitira kuntchito tsiku ndi tsiku, yonyamulira matumba a chimanga kuchokera kumudzi, kapena yongotulutsa Loweruka ndi Lamlungu kuti anthu aione? Yankho la funso limeneli ndi limene lidzasankhe injini, matayala, masipuling'i ngakhale mtundu wa penti. Galimoto zambiri zimene timaziona zitakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, udzu utamera pansi pake, zinaima chifukwa eni ake anayamba kugula zipangizo asanayankhe funsoli. Wina amagula malimu okongola mwezi woyamba, pofika mwezi wachitatu n'kuzindikira kuti mabuleki amene akufuna kuika sakukwana m'kati mwa malimuwo.

Kuti malangizowa asakhale a m'malere, nditenga chitsanzo cha galimoto imodzi imene ndikuona kuti ndi yoyenera munthu woyamba kumene, pikapu yaing'ono ya Nissan 1400. Galimotoyi inachokera ku Datsun Sunny ya ku Japan, ndipo inayamba kugulitsidwa ku South Africa mu 1971 ndi dzina lakuti Datsun 1200. Pambuyo pake inalandira injini yokulirapo ya A14 n'kuyamba kutchedwa 1400, ndipo fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inapitiriza kuipanga mpaka 2008 pamene NP200 inalowa m'malo mwake. Pa zaka 37 zonsezo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni, zimene zikutanthauza kuti zipangizo zambiri za zaka zosiyanasiyana zimalowana, ndiponso kuti ku South Africa masipeya ake akadapezeka, atsopano ndi akale omwe. Chiwongolero chake chili kumanja monga momwe misewu ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe imafunira, injini imakhala cham'litali kutsogolo n'kumayendetsa matayala akumbuyo, ndipo mukatsegula boneti mumaona chilichonse ndi maso popanda kompyuta yoti muilumikize. Amene asankha Corolla yakale kapena Citi Golf adzapeza kuti ndondomeko yake ndi yomweyi, kusiyana kwake kuli pa manambala okha.

Pogula galimoto yoti muimange, mapepala ndi amene ayenera kuonedwa poyamba. Nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zinadindidwa pa chitsulo zifanane ndi zimene zili mu blue book, ndipo wogulitsayo akhale mwini wake weniweni kapena munthu wokhala ndi umboni woti mwini wake wamutuma, kuti kusintha umwini ku Road Traffic kusadzavute. Ngati galimotoyo ikuchokera ku South Africa, pamafunika chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikizira kuti si yobedwa, komanso msonkho wa ku MRA umene muyenera kuufunsa musanalipire wogulitsa. Galimoto yopanda mapepala, ngakhale itatchipa bwanji, igulidwe ngati gwero la masipeya basi, chifukwa mukhoza kuthera zaka ziwiri mukuimanga koma osadzaloledwa kuitulutsa pamsewu.

Mapepala akakhala bwino, yang'anani dzimbiri, ndipo apa musafulumire ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti pali wina amene akubwera ndi ndalama madzulo. Nissan 1400 ilibe chesisi chapadera ngati cha Hilux chimene thupi limangokhazikidwapo. Thupi ndi chesisi n'zowotchereredwa pamodzi, choncho dzimbiri likadya pansi, ladya mphamvu ya galimoto yonse. Nyamulani makapeti, loweni kunsi ndi tochi, ndipo bayani ndi sikuludilaiva pansi pa mapazi, m'munsi mwa zitseko, pansi pa batire, m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, pamwamba pamene mashoko akutsogolo amamangidwa, ndi pamene masipuling'i akumbuyo amagwira thupi. Tengani kamaginito kakang'ono mukayendetse pa zitseko ndi pa mamadigadi: pamene sikakugwira, pali filala (phala lomatira thupi la galimoto) wokhuthala amene akubisa ngozi yakale kapena bowo. Injini yakufa isakuopseni kwambiri, pakuti injini imakonzedwa kapena kusinthidwa pa mtengo wodziwika, koma mtengo wokonzera thupi lovunda sudziwika mpaka mutalisenda lonse. Kwa ine, thupi labwino la injini yosalira limaposa kutali galimoto yoyenda imene pansi pake pali mabowo.

Ngati injini ikulira, iyeseni mphamvu yopanikiza mpweya ndi geji imene amakaniko ambiri amakhala nayo. Injini ikatentha, chotsani mapulagi onse anayi, pondani mafuta mpaka pansi, ndipo yesani silinda iliyonse payokha mukulemba manambala. Chofunika kwambiri n'chakuti manambalawo ayandikane, osasiyana kuposa 10 peresenti. Silinda ina ikatsika, thiranimo oyilo wokwana supuni yaing'ono n'kuyesanso: nambala ikakwera, vuto lili pa malingi a pisitoni, koma ikapanda kusintha, kayikirani mavavu kapena gasiketi ya mutu wa injini.

Kenako werengani ndalama moona mtima. Mtengo wogulira galimoto kawirikawiri umakhala gawo laling'ono la ndalama zonse, ndipo zimene zimadya thumba mwakachetechete ndi tizinthu ting'onoting'ono monga malabala a m'zitseko ndi a m'magalasi, mabawuti, sandipepala, mapaipi ndi mawaya. Zipangizo zochokera kunja zimatsata ndalama zakunja, ndipo amene anali pakati pa ntchito yotereyi mu November 2023, pamene kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaona okha mmene bajeti yolembedwa mosamala ingasokonekere usiku umodzi. Choncho gawani ntchitoyo m'zigawo zimene chilichonse mungathe kuchilipira mpaka kumapeto, ndipo musayambe chigawo china musanatseke chimene muli nacho m'manja.

Malo ogwirirapo ntchito akhale a simenti, osapendekeka, ndiponso okhala ndi denga, chifukwa chitsulo chosendedwa chikanyowa ndi mvula ya December chimachita dzimbiri tsiku lomwelo. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yakwezedwa pa jeke pokha, ndipo njerwa kapena mabuloko a simenti si zochirikizira, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Gulani zoimikira zachitsulo zinayi zopangidwira ntchitoyi. Pa zida, sipanala ndi masoketi abwino a mamilimita, sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti, kalipa yoyezera, mita ya magetsi ndi chozimitsira moto ndi zimene simungazilambalale. Zina monga chokwezera injini mukhoza kubwereka tsiku limene zikufunika. Pezaninso buku la kakonzedwe ka galimotoyo, chifukwa ndi mmene muli manambala a kalimbitsidwe ka mabawuti ndi mipata ya mavavu, ndipo manambala amenewa si oganizira.

Pophwasula, yambani ndi kuchotsa waya wa nekativu pa batire, kukhuthula petulo ndi kutulutsa thanki. Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule, mabawuti a chinthu chimodzi muwaike m'kapepala kapulasitiki kamodzi kolembedwa dzina, ndipo waya uliwonse muumate katepi kosonyeza kumene unachokera. Lero mukuona ngati mudzakumbukira, koma pakadzatha miyezi 14 mabawuti onse adzaoneka ofanana. Musataye chipangizo chakale ngakhale chitathyoka mpaka cholowa m'malo mwake chitamangidwa n'kugwira ntchito, pakuti chakalecho ndi chimene mudzapite nacho kusitolo kukafananitsa.

Ntchito ya thupi imabwera patsogolo pa zonse. Pamene pavunda pamadulidwa mpaka pofika chitsulo chabwino, n'kuwotchererapo chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana ndi choyambacho. Chitsulo cha thupi la galimoto n'chopyapyala, nthawi zambiri sichipitirira milimita imodzi, ndipo makina owotcherera a ndodo amene amapangira mageti ndi mafelemu a mawindo amangochiboola. Chimafuna makina a MIG, owotcherera ndi waya wopyapyala, kapena mmisiri wodziwa kugwiritsa ntchito gasi, wowotcherera kadontho apa, kadontho apo, kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha. Si manyazi kupereka gawo limeneli kwa mmisiri, makamaka pamene masipuling'i ndi mashoko amagwira, chifukwa pamenepo ndi pamene pali moyo wa okwera. Chimene muyenera kukana ndi kutseka bowo ndi filala, neti kapena nyuzipepala. Filala ntchito yake ndi kusalaza tizigwa tating'ono pa chitsulo cholimba, ndipo akakhuthala kuposa mamilimita atatu amadzang'aluka pa misewu ya mabampu.

Thupi likalimba, ndalama zipite ku mabuleki, chiwongolero ndi miyendo ya galimoto, injini isanakhudzidwe. Apa ndi pamene kasankhidwe ka zipangizo kamayamba kufuna mutu, chifukwa chipangizo chilichonse chimalamula chinzake. Ngati galimoto yanu ili ndi mabuleki a madramu kutsogolo ndipo mukufuna a madisiki, njira yosavuta ndi kutenga miyendo yonse yakutsogolo ya galimoto ya mtundu womwewo imene inatuluka ndi madisiki, pamodzi ndi master cylinder yake, imene imakankha mafuta a mabuleki mukaponda chopondera, m'malo mosakaniza zidutswa za galimoto zitatu. Kukula kwa master cylinder kumayenderana ndi kukula kwa mapisitoni a m'makalipa a mabuleki, amene amapana madisiki; mukasemphanitsa, chopondera chimalimba ngati mwala kapena chimatsika mpaka pansi galimoto isanaime. Mapaipi a labala a mabuleki, mapadi, timalabala ta m'masilinda, ma ball joint, ma tie rod end ndi maberingi a matayala zikhale zatsopano nthawi zonse, osati zochotsa pa galimoto yakufa. Mapaipi olimba akhale achitsulo kapena a kopa wosakaniza ndi nikelo wopangidwira mabuleki, osati paipi ya firiji. Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amatha kusakanikirana, koma DOT 5 ndi ya silikoni ndipo siyenera kusakanizidwa ndi amenewa, ngakhale nambala yake ikuoneka ngati yongotsatira.

Malimu ndi amene amakopa maso, ndipo ndi amene anthu ambiri amalakwitsa kugula. Pali manambala atatu oti muwadziwe musanatulutse ndalama. Yoyamba ndi katalikirana kwa mabowo a manati: Nissan 1400 ili ndi 4x114.3, kutanthauza mabowo anayi okhala pa mzere wozungulira wa mamilimita 114.3 mulifupi, pamene Citi Golf ndi Corolla zambiri zoyendera matayala akutsogolo zili ndi 4x100, choncho malimu a galimoto zimenezi salowa ngakhale onse ali ndi mabowo anayi. Kukulitsa mabowo ndi fayilo kuti limu ilowe mokakamiza ndi kuitana ngozi. Yachiwiri ndi kukula kwa bowo lapakati. Yachitatu ndi offset, imene imadindidwa kuseri kwa limu ndi zilembo ET, ndipo imasonyeza ngati tayala lidzalowe m'kati kapena lidzatulukire kunja. Nambala ikakula tayala limalowa m'kati n'kukhula shoko, ikachepa limatuluka n'kukhula madigadi pokhota kapena ponyamula katundu.

Tayala nalo lili ndi masamu ake. Pa tayala lolembedwa 175/70 R13, nambala 175 ndi mulifupi mwake m'mamilimita, 70 akusonyeza kuti kutalika kwa khoma lake ndi 70 peresenti ya mulifupimo, ndipo 13 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Khoma lake ndi mamilimita 122.5, ndipo tayala lonse kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita pafupifupi 575. Mukafuna malimu a mainchesi 15, tayala la 195/50 R15 limakwana mamilimita 576, zimene zikutanthauza kuti geji ya liwiro ndi mphamvu yokwerera mtunda sizisintha. Komabe khoma la tayala lachiwirili ndi mamilimita 97.5 okha, ndipo pamsewu wa maenje mamilimita 25 amene mwatayawo ndi amene amateteza limu kuti isapindike. N'chifukwa chake pa galimoto yoyenda misewu yathu ndimakonda kuima pa mainchesi 13 kapena 14, ngakhale 15 amakongola pa chithunzi. Pogula matayala, onaninso manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019, ndipo tayala lokalamba limauma n'kung'aluka ngakhale mapanga ake akuoneka akuya.

Kutsitsa galimoto kuti iyandikire pansi kuchitike ndi masipuling'i opangidwira zimenezo pamodzi ndi mashoko ogwirizana nawo. Kudula sipuling'i ndi galayinda kapena kuitenthetsa ndi gasi kumaononga chitsulo chake, ndipo galimoto imayamba kudumphadumpha. Musanatsitse, yezani bampu lalitali kwambiri la pamsewu umene mumadutsa tsiku lililonse, ndipo kumbukirani zimene munalemba pa tsamba loyamba lija: pikapu yotsitsidwa kwambiri siinyamulanso matumba.

Tsopano tifike pa injini, pamene mitima ya anthu ambiri imathamangira. Injini ya A14 ndi ya masilinda anayi, ya 1397 cc, yoyendera kabuleta, ndipo camshaft yake, chitsulo chimene chimatsegula mavavu, ili m'buloko n'kumayendetsedwa ndi tcheni, osati lamba. Si yamphamvu kwambiri, koma ndi yopirira, ndipo makaniko aliyense amene anaphunzira ntchito pa galimoto zakale amaidziwa. Njira yoyamba, imenenso ndimalangiza munthu womanga galimoto yake yoyamba, ndi kuikonzanso injini yomweyi mosamala. Lamulo lake ndi lakuti muyeze musanagule. Tengani buloko, crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa) ndi mutu wa injini kwa amisiri a makina osema zitsulo kuti ayeze kutha kwa masilinda ndi kwa crankshaft, ndipo iwowo ndi amene adzakuuzeni ngati mukufunika mapisitoni a saizi yoyamba kapena okulirapo ndi 0.50 mm, ndiponso ngati maberingi akhale a crankshaft yosemedwa ndi 0.25 mm. Munthu amene waitanitsa mapisitoni ku Johannesburg buloko isanayezedwe amakhala ngati wasoketsa suti mwana asanabadwe. Pa nthawi yomweyi sinthani tcheni ndi zolimbitsira zake, pampu ya oyilo, pampu ya madzi, thermostat, kalachi yonse, ndi tizitsekero tachitsulo ta m'mbali mwa buloko timene timachita dzimbiri n'kuyamba kudontha madzi.

Njira yachiwiri ndi kuonjezera mphamvu pang'ono osachoka m'banja la injini za A. Injini ya A15, ya malita pafupifupi 1.5, imafanana kwambiri ndi A14 kunja kwake ndipo inkapezeka mu Sunny zina ndi mu Vanette zakale. Koma samalani, chifukwa Vanette za zaka za pambuyo pake, zimene zambiri zimagwira ntchito ya minibasi, n'zopangidwa kuchokera ku Mazda Bongo ndipo injini zake si za banja limeneli. Ngakhale pa A15 yeniyeni, fananitsani sampu (chosungira oyilo pansi pa injini) ndi pomangira injini musanalipire. Kabuleta ya Weber 32/36, mapaipi a ekizozi otuluka anayi n'kukumana pamodzi, ndi distributor (chogawira moto ku mapulagi) yamagetsi yopanda mapoyinti zimaipatsa injiniyi moyo popanda kuichotsera kupirira kwake. Makabuleta awiri a Weber 40 DCOE amamveka bwino kwambiri m'makutu, izi sindingakane, koma amafuna munthu wodziwa kuwalinganiza ndiponso camshaft ndi mutu wa injini zogwirizana nawo. Mukawaika pa injini yosasinthidwa, mumangoonjezera phokoso ndi maulendo a ku filing'i siteshoni.

Njira yachitatu ndi kuika injini ya galimoto ina, ndipo imene imatchulidwa kawirikawiri ndi 4A-GE ya Toyota, ya 1587 cc, imene inayamba ndi mavavu 16 mu 1983 n'kudzatuluka ya mavavu 20 mu 1991. Mtengo wa injiniyo ndi chiyambi chabe cha nkhani. Zambiri mwa injini zimenezi zinachokera m'galimoto zoyendera matayala akutsogolo, mmene zinkakhala chopingasa, choncho giyabokosi yake siigwira ntchito mu pikapu yanu. Mufunika giyabokosi yoyendetsa matayala akumbuyo monga T50, kapena ina yolumikizidwa ndi chitsulo chosemedwa mwapadera. Pa ya mavavu 20, distributor ndi potulukira madzi zimapezeka kumbuyo mukaitembenuza cham'litali, ndipo zimalimbana ndi khoma lolekanitsa injini ndi okwera. Muyeneranso kupanga pomangira injini ndi giyabokosi patsopano, kudulitsa propshaft (chitsulo chopititsa mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu) n'kuilinganizitsa pa makina kuti isanjenjemere, kupeza rediyeta yokwanira, kuika kompyuta ya injini ndi mawaya ake onse, ndi kusintha njira yonse ya petulo, chifukwa kabuleta imalandira mafuta pa mphamvu yosafika theka la bar imodzi (muyezo wa mphamvu yopanikiza) pamene ma injector, amene amapopera petulo m'injini yotereyi, amafuna pafupifupi 3 bar ndi paipi yobwezera mafuta ku thanki. Pamwamba pa zonsezi, difu ndi mabuleki zimene zinapangidwira injini yofatsa ziyenera kuganiziridwanso. Ngati mwatsimikiza mtima, gulani injini yathunthu ndi kompyuta yake, mawaya ake osadulidwa, masensa, sitata ndi alternator kuchokera m'galimoto imodzi, chifukwa kusakasaka tizidutswa timeneti pambuyo pake kumadula kuposa injini yeniyeniyo.

Za kumene zipangizo zimachokera, ndi bwino kuzigawa m'maganizo mwanu potengera zimene zingachitike chipangizocho chitalephera. Zitseko, boneti, mipando, magalasi, nyali, mabampa, ngakhale giyabokosi ndi difu zimene mwaziyesa, n'zoyenera kugula zakale, ndipo nthawi zambiri chitseko choyambirira cha kufakitale chimakhala bwino pa thupi kuposa chatsopano chongotengera. M'malo monga ku Biwi mu Lilongwe, kapena ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, munthu woleza mtima amene wanyamula chipangizo chakale ndi kalipa m'thumba amapeza zambiri. Giyabokosi yakale itembenuzeni ndi dzanja m'magiya onse, ndipo mutsegule potulutsira oyilo kuti muone ngati muli tizitsulo. Koma chilichonse chimene chikalephera chingaphe munthu kapena kuononga injini, monga za mabuleki, za chiwongolero, gasiketi ya mutu, maberingi a injini ndi sefa ya oyilo, chigulidwe chatsopano kwa wogulitsa wopereka lisiti. Zipangizo zachinyengo zimatengera mabokosi a makampani odziwika, choncho dzina la pa bokosi lokha si umboni. Yang'anani zilembo zosindikizidwa mosasamala, chitsulo chosasalala, ndi mtengo wotsika mokayikitsa. Poitanitsa kunja kudzera kwa wachibale kapena pa intaneti, tumizani nambala ya chipangizo, chaka cha galimoto, nambala ya chesisi ndi chithunzi chokhala ndi muyezo, osati dzina lokha. Mabawuti nawo ali ndi magiredi odindidwa pamutu: pa miyendo ya galimoto, pa mabuleki ndi pomangira injini, bwezerani giredi imene inalipo, monga 8.8 kapena 10.9, osati bawuti losalembedwa kanthu la m'sitolo ya zomangira nyumba.

Pali nkhani ina imene imakhudza makamaka omanga galimoto ku Malawi. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amaumitsa ndi kung'ambula mapaipi akale a labala komanso timalabala ta m'kabuleta ndi m'pampu ya mafuta. Sinthani mapaipi onse a petulo ndi olembedwa SAE J30 R9, tsukani thanki, ikani sefa yatsopano, ndipo musasiye petulo m'thanki kwa miyezi yambiri galimoto ili chiimire, chifukwa ethanol amakoka chinyezi.

Mawaya a galimoto ya zaka 30 kapena 40 amakhala atadutsa m'manja mwa anthu ambiri, aliyense atalumikiza wailesi kapena nyali yake popotokola ndi kukulunga tepi. Tambasulani mtolo wonse pa thabwa, dulani zolumikiza zoterezo, ndipo lumikizaninso ndi zomangira zopanidwa bwino. Chilichonse chimene mwaonjezera chikhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batire, nyali zakutsogolo ndi fani ya rediyeta zidutse pa relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi), ndipo paliponse pamene waya ukudutsa pa bowo la chitsulo pakhale kalabala koteteza. Musaiwale waya wokhuthala wa nekativu wochoka ku batire kupita ku thupi ndi wina wochoka ku thupi kupita ku injini. Mavuto ambiri a magetsi amene amasowetsa anthu tulo amachokera pa mawaya awiri amenewa penti yatsopano ikatchinga chitsulo.

Penti imabwera mochedwa kuposa mmene mtima umafunira. Musanapente, mangani galimoto yonse mongoyesera, injini, rediyeta, ekizozi, mipando, malimu ndi zitseko zili m'malo mwake, kuti bowo lililonse lofunika kuboola ndi chitsulo chilichonse chofunika kuwotcherera zichitike penti isanapakidwe. Kenako phwasulaninso, pakani primer ya epoxy pa chitsulo choyera, salazani, n'kupita ku mtundu. Penti ya 2K ili ndi mankhwala a isocyanate amene amaononga mapapo, ndipo kansalu kotchinga fumbi sikawaletsa. Ndi bwino kukonza thupi nokha pakhomo, gawo lopopera n'kulipereka kwa okhala ndi chipinda chopentera ndi zovala kumaso zoyenera. Pakhomo, chinyezi cha dzinja chimachititsa penti kuoneka ngati ya nkhungu, ndipo mphepo ya fumbi ya September imaisandutsa sandipepala.

Galimoto ikamangidwa komaliza, musailize injini nthawi yomweyo. Chotsani mapulagi, zungulitsani injini ndi sitata mpaka nyali ya oyilo itazima, bwezerani mapulagi, ndipo pakhale munthu wachiwiri woyang'ana kudontha kwa petulo ndi madzi, chozimitsira moto chili pafupi. Ngati mwaika camshaft yatsopano, injini iyende pa liwiro la pafupifupi 2000 rpm kwa mphindi 20 zoyamba m'malo moisiya ikulira pang'onopang'ono, kuti camshaft ndi zotukula mavavu zizolowerane zili ndi oyilo wokwanira. Mabuleki ayesedwe pabwalo pa liwiro la munthu woyenda pansi, kenako matayala akalinganizidwe pa makina.

Musanayambe kuyenda nayo pamsewu, kadziwitseni a Road Traffic za kusintha kulikonse kwa injini kapena mtundu wa penti kuti mapepala agwirizane ndi galimoto, mutanyamula malisiti osonyeza kumene injiniyo munaigula, ndipo galimotoyo ikayesedwe kuti ilandire COF. A inshulansi nawo auzidwe zimene mwasintha, chifukwa zimene simunaulule zikhoza kudzakhala chifukwa chokanira kulipira pa ngozi. Maulendo oyamba akhale afupi ndi kunyumba, mukusinthasintha liwiro popanda kuikakamiza injini, ndipo pobwerako nthawi iliyonse muziyang'ana pansi ngati pali madontho. Pakatha makilomita 50 oyamba limbitsaninso manati a matayala ndi mabawuti a masipuling'i akumbuyo, ndipo pofika makilomita 1,000 sinthani oyilo ndi sefa yake, yezaninso mipata ya mavavu, n'kulemba tsiku ndi makilomitawo m'kope lija pamodzi ndi manambala a zipangizo zonse zimene munaika, popeza galimotoyi tsopano siikufanananso ndi imene ili m'mabuku a ogulitsa masipeya.